Mboni Zitatu za Pini ya Aroma

Mlimi wa ku England akamalima munda wace, kapena anthu akamakumba maziko a nyumba, nthawi zina khasu litukula kanthu kakang'ono kobiriwira ndi dzimbiri, kopindika ngati uta, kotalika ngati cala ca munthu. Wosadziwa angakaponye kudzala, poyesa kuti ndi kacidutswa ka waya. Koma kakafika m'manja mwa katswiri wa zinthu zamakedzana, iye akatembenuza kawiri katatu, nayang'anitsa kumbuyo kwace, nanena kuti kanthuko ndi pini yomangira cobvala ya masiku a Aroma, ndi kuti inapangidwa Aroma atangolowa m'dzikomo, kapena patapita zaka 300. Tsono funso loyenera ndi ili: adziwa bwanji? Pini ilibe pakamwa, ndipo mwini wace anamwalira kale lomwe. Yankho la funsoli lili ndi phindu kwa mphunzitsi ali yense wophunzitsa mbiri yakale, pakuti lionetsa kusiyana kwa kudziwa ndi kungoganiza.

Pini imeneyi ndi nchito yace

Zobvala zambiri za nthawi imeneyo zinali nsalu zofunda ndi zokulunga thupi, ndipo mabatani olowa m'tizibowo, onga a malaya a lero, anali asanadziwike. Msilikali wa Aroma anali kufunda cofunda ca ubweya wa nkhosa, nacimanga pa phewa ndi pini kuti cisagwe poyenda. Akazi ambiri a m'maiko a kumpoto, monga Gaul ndi Britain, anali kubvala mapini awiri, imodzi pa phewa ili, inzace pa phewa linalo, ndi kaunyolo kolumikiza awiriwo. M'cinenero cao ca Cilatini Aroma anali kuicha fibula.

Kapangidwe kace kafanana ndi pini yotsekera yogulitsidwa m'masitolo, imene Walter Hunt wa ku New York analembetsa kuboma m'caka ca 1849. Komatu nzeruyo inaliko ku Ulaya zaka zoposa 1,000 Yesu asanabadwe. Pini ya Aroma ili ndi ziwalo zinai. Pali uta, ndiwo uonekera kunja kwa cobvala. Pali mutu, kumene singano ilumikizana ndi uta. Pali singano yolasa nsalu. Ndipo pali phazi, lokhala ndi kambale kopindika m'mene nsonga ya singano ikolowekamo.

Mapiniwa apezeka ocuruka cifukwa anali kutayika msanga. Singano ikathyoka, pini inali kugwera m'matope a mumseu kapena m'misasa ya nkhondo. Ena anaikidwa m'manda pamodzi ndi eni ace, ena anaperekedwa nsembe m'nyumba za milungu. Ndiponso kapangidwe kace kanali kusintha m'mibadwo yonse, monga momwe maluwa a citenje asinthira, kotero kuti mai wacikulire akhoza kunena, pongoona nsalu, kuti inafika m'masitolo masiku ati. Kusinthasintha kumeneku ndiko kupatsa pini mphamvu ya kuchula zaka.

Oyamba kuyala mapini m'mizere ndi kuona m'mene mtundu wina unabalira unzace anali akatswiri a ku Sweden: Oscar Montelius, amene analongosola njirayi m'buku lace la 1903, ndi Oscar Almgren, amene m'caka ca 1897 anasanja mapini a kumpoto kwa Ulaya nawapatsa manambala. Ku Britain nchitoyi anaipitiriza R. G. Collingwood m'caka ca 1930, M. R. Hull wa ku Colchester, ndi Donald Mackreth, amene m'caka ca 2011 anasindikiza mabuku awiri ofotokoza mapini zikwi zambiri. Maina a mitundu ya mapini anawapereka ndi akatswiri otere, si Aroma ai. Ambiri ndi maina a malo amene mtunduwo unayamba kudziwika bwino. Cotero pini yochedwa Colchester siyenera kuyesedwa kuti inasulidwa m'mudzi wa Colchester momwemo.

Pabwalo la milandu mfumu yanzeru sigamula mlandu itamva mboni imodzi yokha. Cimodzimodzinso katswiri afunsa mboni zitatu: maonekedwe a pini, citsulo cace, ndi malo amene inagona.

Mboni yoyamba: maonekedwe

Wophunzira kumene athamangira kuyang'ana zokometsera za kutsogolo, koma wozolowera ayamba kumbuyo kwa mutu, kuti aone m'mene singano inalumikizidwira. Njira zazikuru ndi ziwiri. M'njira yoyamba waya apotedwa mozungulira kangapo, monga waya wa pansi pa cishalo ca njinga, ndipo mphamvu ya kupotako ndiyo ikankha singano kuti isatuluke m'kambale. M'njira yaciwiri singano itembenuka pa kamsomali, monga mpeni wopinda. Akadziwa ici, katswiri ayang'ana kupindika kwa uta, kenaka phazi, ndipo potsiriza pace zokometsera.

Pini yochedwa Colchester inasulidwa yonse ndi citsulo cimodzi, uta ndi waya wopota ndi singano yomwe, ndipo pamutu pace pali kangowe kogwira wayayo. Anthu a ku Britain anali kuibvala ankhondo a mfumu Claudius asanaoloke nyanja m'caka ca 43 A.D., ndipo inazilala patapita zaka 20 kapena 30 cifikire iwo. M'malo mwace munalowa ana ace, opangidwa ndi zidutswa ziwiri, uta paokha ndi waya paokha, kuti waya akathyoka aikepo wina. Mmodzi wa anawo ndiye mtundu wa Polden Hill, umene ubisa waya wace m'kangalande ka kumbuyo kwa mutu, ndipo upezeka makamaka kumadzulo kwa England.

Ankhondo aja anabwera ndi mtundu wacilendo wa kamsomali, wa uta wokwera kwambiri ngati theka la mwezi, ndi kampira kumapeto a phazi. Pamutu pa mapini ambiri otere panadindidwa dzina lakuti AVCISSA, limene akatswiri aliyesa dzina la mmisiri wace, ndipo mtundu wonsewo uchedwa Aucissa, ngakhale mapini opanda dzinalo. Apezeka kuyambira ku Britain kufikira ku maiko a kum'mawa kwa Nyanja ya Mediterranean, kuli konse kumene asilikali a Aroma anaponda. Mbale wace ndiye mtundu wa Hod Hill, wa uta wophwathalala ndi mizere yopingasa, umene kawirikawiri unakutidwa ndi citsulo coyera. Mitundu iwiriyi inali itatha kale pofika caka ca 100.

Kuyambira ca m'ma 75 kufikira ca m'ma 175 amisiri a ku Britain anaonetsa luso lao lao. Anapanga pini ya mutu wotambasuka ngati kukamwa kwa lipenga, yokhala ndi mfundo pakati pa uta. Anapanganso ina yopindika ngati cilembo ca S, ya mutu wa cirombo uku ndi uku, imene ipezeka kwambiri kumpoto kwa England. Masiku omwewo kunacuruka mapini ophwathalala, ena ozungulira ngati ndalama, ena m'cifanizo ca kalulu, garu, bakha kapena munthu wokwera pa kavalo. Ambiri anawakometsa ndi galasi lofiira, lobiriwira ndi lacikasu, losungunulidwa m'timaenje ta m'citsulo. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 100 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 200, kunafala pini yaing'ono yopindika ngati bondo, yokondedwa ndi asilikali olonda malire, ku mitsinje ya Rhine ndi Danube ndi ku linga la mfumu Hadrian, limene anayamba kumanga m'caka ca 122.

Wotsiriza ndiye mtundu wolemera wooneka ngati cilembo ca T, umene m'zaka za m'ma 300 unali ndi timipira titatu tonga anyezi. Uwu sunali wa munthu wamba. Unali cizindikiro ca udindo, cobvala akuru a nkhondo ndi akuru a boma, pa phewa lamanja, phazi litaloza kumwamba, kuti dzanja lamanja likhale lomasuka. Ici cidziwika cifukwa zithunzi zakale zicionetsa: m'chalichi ca San Vitale ku Ravenna, cimene cinapatulidwa m'caka ca 547, nduna za mfumu Justinian zajambulidwa zitabvala pini yotere. Ndipo pamene manda a Childeric, mfumu ya Afranki imene inamwalira ca m'ma 481, anapezeka ku Tournai m'caka ca 1653, munali pini yotere ya golidi.

Mboni yaciwiri: citsulo

Mapini ambiri ndi a mkuwa wosanganiza ndi zitsulo zina, ndipo atagona zaka zambiri m'nthaka onse aoneka obiriwira cimodzimodzi. Maso okha sangathe kuwasiyanitsa, koma makina a X-ray akhoza. Justine Bayley ndi Sarnia Butcher anapima mapini ofukulidwa ku Richborough, doko la ku Kent limene Aroma anamangapo malinga, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 2004. Anaonetsa kuti mtundu uli wonse unali ndi msanganizo wace. Mapini a Aucissa ndi a Hod Hill ndi a mkuwa wosanganiza ndi zinki, umene uwala ngati golidi ukali watsopano. Koma mapini ambiri opangidwa ku Britain pambuyo pace ndi a mkuwa wosanganiza ndi tini ndi mtobvu, pakuti mtobvu uthandiza citsulo cosungunuka kuyenda bwino m'cikombole.

Cotero citsulo cikhoza kubvomereza mau a mboni yoyamba kapena kuwatsutsa. Pini yooneka ngati ya mtundu wina, koma yokhala ndi msanganizo wosayenera mtunduwo, iyenera kufunsidwanso: kapena mmisiri wa kwina anatsanzira, kapena ndi yonyenga ya masiku ano. Citsulo coyera cokuta pini ya Hod Hill cinyenga ambiri kuti ndi siliva, pamene kawirikawiri ndi tini wopyapyala. Munthu akaikweca ndi mcenga kuti iwale, acotsa tiniyo ndi galasi lomwe, ndipo watseka mboniyo pakamwa ndi manja ace.

Mboni yacitatu: malo

Mboni ziwirizi zikhoza kunena kuti mapini awa ndi a banja limodzi, ndi kuti uyu ndi kholo la uyo. Koma caka ceniceni sizingacichule pa zokha. Zaka zonse zachulidwa pamwambapa zinacokera kwa mboni yacitatu, ndiyo malo amene pini inagona.

Ali yense adziwa dzala la pamudzi. Phale la pansi penipeni linatayidwa kale, citini ca pamwamba cinatayidwa dzulo. Mudzi wakale ulinso cotero: nthaka yace yasanjikizana, ya masiku akale pansi, ya masiku otsatira pamwamba. Ofukula acotsa nthakayo pang'onopang'ono, nalemba kanthu kali konse ndi msanjiko umene kanalimo. Ngati pini ipezeka pansi pa nyumba pamodzi ndi ndalama ya mfumu yodziwika, ndiye kuti nyumbayo sinamangidwe ndalamayo isanasulidwe.

Malo ena ndi a mtengo wapatali cifukwa mabuku a Aroma achula caka cimene anaonongeka. M'caka ca 9 A.D. magulu atatu a nkhondo a kazembe Varus anaphedwa m'nkhalango ya Teutoburg ku Germany, ndipo Aroma anasiya msasa wao wa Haltern. Mapini a Aucissa apezeka pa msasawo. Cotero mtunduwu unaliko kale pa nthawiyo. Ku Hod Hill, m'dera la Dorset, Aroma anamanga linga atangolowa m'dziko, nalisiya zisanathe zaka 10, ndipo zimene anataya kumeneko ndi za nyengo yaifupi imeneyo. Ca m'ma 60 kapena 61 mfumukazi Boudica anaukira Aroma natentha Colchester, London ndi Verulamium. Phulusa ndi dothi lopsya la moto umenewo zikalipo pansi pa midziyo, monga mzere wolembedwa m'nthaka. C. F. C. Hawkes ndi Hull, m'buku lao la 1947 lonena za Colchester, anasanja zimene anafukula potsata misanjiko yotere. Pini yogona pansi pa phulusalo, pamalo posasokonezedwa, inatayika moto usanabuke.

Cifukwa cace pini yotoledwa ndi kuikidwa m'thumba popanda kulemba malo ace yataya gawo lalikuru la mtengo wace. Ikhoza kulandira caka kucokera kwa inzace, koma yokha sidzaphunzitsanso kanthu katsopano. Ku England ndi Wales, kumene anthu ambiri ayendayenda m'minda ndi makina ofufuzira zitsulo, kunakhazikitsidwa m'caka ca 1997 dongosolo lochedwa Portable Antiquities Scheme, kuti wotola kanthu akakaonetse ndi kuchula pamene anakapeza. Mwa njira imeneyi mapini zikwi zambiri analembedwa pa mapu, ndipo zinaoneka bwino kuti mtundu wakuti unali wa cigawo citi.

Pamene mboni zisokeretsa

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Ngakhale mboni zitatu zitalankhula, wofulumira akhoza kulakwa. Caka cimene pini inapangidwa sindico caka cimene inatayika, pakuti mkazi akhoza kusunga pini ya agogo ace naikidwa nayo m'manda. Palinso mtundu wina, wonga mphete yosatseka yokhala ndi singano yoyenda pa mpheteyo, umene unabvalidwa Aroma asanafike, iwo alipo, ndiponso atacoka, osasintha kwambiri. Wotere ndi wobvuta kuupatsa caka.

Pa kacisumbu ka Nornour, m'zisumbu za Scilly kumwera ca kumadzulo kwa England, nyanja inakokolola mcenga m'caka ca 1962 niulula nyumba zakale, m'mene munapezeka mapini ngati 300. Poyamba anthu anati pamenepo panali posulira mapini. Koma mapiniwo anali a mitundumitundu, ocokera ku malo osiyana, ndipo anali pamodzi ndi ndalama ndi tizifanizo tadothi ta milungu yaikazi. Cotero akatswiri anasintha maganizo, nati panali kacisi, kumene apaulendo a panyanja anali kusiya zopereka. Kusintha maganizo kotere sikucititsa manyazi. Ndiyo nchito yeniyeni ya wofufuza.

Pini sichulanso mtundu wa mwini wace. M'manda a Lankhills ku Winchester, a zaka za m'ma 300, munapezeka anthu oikidwa ndi mapini a timipira tonga anyezi, malamba ndi zina zacilendo, ndipo anayesedwa alendo ocokera kutsidya la nyanja. Pambuyo pace akatswiri anapima mano a akufawo, pakuti mano asunga cizindikiro ca madzi amene munthu anamwa ali mwana. Zinaoneka kuti ena oyesedwa alendo anakulira ku Britain komweko, ndipo ena oyesedwa eni dziko anacokera kutali.

Koma citsanzo coposa zonse ndico pini ya golidi ya ku Praeneste, mudzi wa kum'mawa kwa Roma. Wolfgang Helbig anaionetsa kwa akatswiri anzace m'caka ca 1887. Ili ndi mau onena kuti Manios anaipangira Numasios, ndipo popeza inayesedwa ya zaka za m'ma 600 Yesu asanabadwe, mauwo anawerengedwa pakati pa malemba akale koposa a Cilatini. Tsoka lace linali lakuti siinafukulidwe pamaso pa mboni, ndipo malo ace enieni sanalembedwe pa tsiku limene inapezeka. M'caka ca 1980 Margherita Guarducci analemba kuti ndi yonyenga, ndipo ambiri anamkhulupirira. M'caka ca 2011 Daniela Ferro ndi Edilberto Formigli, atapima golidiyo ndi m'kati mwa zilembo ndi makina okuza zinthu, analengeza kuti pini ndi mau ace ndi zakale ndithu. Citsulo cinaombola pini, koma patapita zaka 31 za mkangano, umene sukadakula cotero wopeza akadalemba mizere iwiri yokha yonena za malo.

Phunziro kwa aphunzitsi

Aroma sanafike ku Zambezi kapena ku Luangwa, ndipo palibe mwana wa sukulu amene adzatukula fibula m'munda wa atate wace. Koma ana abwera nazo kwa mphunzitsi zinthu zina: mapale a miphika yolembedwa mizere, mikanda yotoledwa m'cigwembe mvula itagwa, zotsalira za ng'anjo, mibvi yadzimbiri. Zimenezi zifunsidwa mafunso atatu omwewo. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu athira m'Zambezi, anchito okumba maziko a thanki la madzi m'caka ca 1960 anapeza mafupa a anthu. Popeza mbiriyo inafika kwa oyang'anira zinthu zakale, J. H. Chaplin anakafukula mandawo, ndipo Brian Fagan anapitiriza nchitoyo. Mikanda ya golidi, mikanda ya galasi yocokera kunja ndi mitanda ya mkuwa zinalembedwa monga momwe zinagonera, ndipo zinaulula malonda akale a m'cigwa ca Zambezi. Zikadagawidwa m'matumba a anthu, mbiri imeneyo ikadatayika.

Tsono mwana akabwera ndi kanthu kotere, mphunzitsi wanzeru sakakweca, ndipo sauza ana kuti akakumbe zina. Apita naye mwanayo pamalopo, nalemba m'buku tsiku, dzina la mudzi, mtunda kucokera ku mtsinje kapena mtengo wodziwika, kuya kwace m'nthaka, ndi zina zimene zinali pambali pace. Akajambula kutsogolo, kumbuyo ndi cam'mbali, naika rula pafupi kuti msinkhu wace udziwike. Atatero, atumiza mau ku National Heritage Conservation Commission, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1989, kapena ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone. Ndipo ana akafunsa kuti kanthuko ndi ka zaka zingati, iye sacita manyazi kuwayankha kuti mboni zikali kufunsidwa, nawaonetsa tsamba la m'buku lija, kuti aone okha m'mene mbiri yoona iyambira.